Moto wa Padenga la Agogo

Dzulo masana ndinathamanga kuchokera kusukulu mtima uli m'mwamba, chifukwa amalume anali atabwera ndi makabaza awiri kudzatenga agogo aamuna kuti azikakhala ku Boma, ati ine ndikapita kusukulu nkhalambayo imatsala yokha. Koma anzanga, khonde ndinalipeza lodzaza ndi anthu odikira mafoni awo pa sola ija tinaika padenga mwezi watha, agogo ali pakati, nkhani ili m'kamwa!

"Kale tikukula kuno ku Nkhulambe, ananu, moto sunkagona m'kabokosi ayi. Tinkafotsera chikuni m'phulusa, chikuni chenicheni cha kuphiri, osati timitengo ta nandolo tamasiku ano tongoti lawi n'kutha, ndipo chikazima unkatenga phale kukapala moto kwa mnzako, koma sunkachoka usanamve amene wadwala ndi amene watomeredwa. Ine, musaseke, ndinkachithira madzi dala chikuni cha mayi anga, poti kunyumba ya kuseri kunali namwali wina, agogo ake a mwanayu, ndipo mayi ankadabwa kuti nkhuni zikunyowa bwanji m'chilimwe.

"Tinaunikira nsatsi zotunga pakamtengo, kenako koloboyi wodetsa mphuno, kenako matochi a mabatire, koma machesi atadzaza m'magolosale aliyense anakhala ndi moto wake, tinjira ta pakati pa nyumba tinamera udzu. Mayi wa kunyumba kuno atatisiya, pakhomo pano pankangofika nkhuku. Lero taonani, moto wakwera padenga, ndipo mwayambanso kudzapala, phale lake ndi foni. Kupatsa n'kuika, ananu."

Amalume anayesa kunena za chipatala chapafupi ndi magetsi a m'mawaya, koma a Nambewe, ogulitsa zitumbuwa, anawafunsa kuti akawatenga madalawa, nkhani za m'mudzi tizikazimvera kuti. Anthu anaseka mpaka wakabaza mmodzi anakhala pansi. Amalume anasisita chipumi, n'kutulutsa foni yawo yozima, poti ku Boma magetsi anali atathima chithimire dzana.

"Bambo, pali malo?"

"Khala pamzere, mwanawe, wabwera mochedwa."

Makabaza anabwerera opanda agogo! Ndinavina ndi yunifolomu yomwe, ndipo iwo pondiona anangoti: "Mdzukulu wanga, ukadzakhala ndi moto, wa chikuni kaya wa dzuwa, uzidzasiya chitseko chotsegula. Moto wosapalidwa umangofunditsa nkhuku."