Ndinkaopa kudutsa pamaso pa apongozi

Abusa, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Amayi ndi abambo, moni nonse. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo azibambo mundikhululukire, lero ndilankhula za kuthupi kwa ife amayi. Manyazi ndi amene anatsala pang'ono kundiphera mwana, ndiye lero manyaziwo ndawasiya kunyumba.

Mukudziwa ine ndinabwera kuno kuchitengwa. Chaka chatha tinalandira makuponi, fetereza tinathira, fodya anachita bwino mpaka chigafa kudzaza. Nthawi yosankha fodya inandipeza ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Tinkakhala m'chigafamo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ine, amuna anga ndi apongozi aamuna. Tsono apongoziwo malo awo anali pakhomo penipeni, ndipo njira ya kuchimbudzi imadutsa pomwepo.

Amayi, mukudziwa mmene munthu woyembekezera amatayira madzi pafupipafupi. Ine ndizidzuka, kugwada, kudutsa pamaso pa apongozi, iwo akudziwa kumene ndikupita? Ndinati ayi. Ndinayamba kupirira. Kenako ndinapeza nzeru, nzeru yake yomvetsa chisoni: ndinasiya kumwa madzi. Ludzu lindigwire, ine kungomeza malovu. Musaseke amayi a kumbuyoko, enanu mumatero.

Sipanatenge nthawi, potaya madzi ndinayamba kumva kuwotcha ngati tsabola. Mkodzo wake wochepa, wakuda, wonunkha. Ndinabisa. Kenako msana cha m'mbalimu unayamba kupweteka, thupi kutentha, kunjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Amuna anga anati ndi malungo, anandigulira mapiritsi pagolosale. Sizinathandize. Tsiku lina ndikumanga fodya, mimba inangouma gwa, n'kumasula, n'kuumanso. Abale, ndinachita mantha. Ndinadziwa kuti mwana akufuna kubwera nthawi yake isanakwane, ndipo ndinalira, ndinati Ambuye, mwana uyu yekha musanditengere.

Ananditengera kuchipatala pangolo. Anayeza malungo, sanawapeze. Atayeza mkodzo, anamwino anandifunsa kuti, "Mayi, madzi mumamwa?" Ndinawafotokozera zonse. Anagwira pakamwa. Anati tizilombo tinayambira m'chikhodzodzo, takwera mpaka ku impso, ndipo matenda amenewa akalekereredwa mwana amabadwa masiku asanakwane, mayinso akhoza kupita. Anandigoneka, anandiika diripi, jakisoni, kenako mapiritsi oti ndimalize onse ngakhale nditamva bwino. Amayi a chigwirizano munabwera kudzapemphera nane, sindidzaiwala. Kutentha kunatsika. Mimba inakhala bata. Mwana anayambanso kugunda, kugunda, ngati akundiuza kuti ndilipo.

Koma chimene chinandiliza ndi ichi. Amuna anga anakawauza apongozi zimene anamwino ananena. Ine ndinati basi, ndiwayang'ana bwanji? Nditatuluka m'chipatala, ndinapeza chigafa chija apongozi achibowola kumbuyo ndi chikwanje, khomo lachiwiri, loyang'ana kuchimbudzi. Pamalo panga panali chigubu cha madzi ndi kapu. Apongozi, osandiyang'ana n'komwe, maso ali pa fodya, anangoti, "Mwana wanga, ulemu wanu ndauona, wakwana. Koma ulemu wondiphera mdzukulu sindiufuna. Imwani madzi, khomo lanu ndi ilo."

Ndinamwa madzi, abale. Ndinamwa, ndinatuluka, ndinabwera, ndinamwanso, popanda wondiwerengera. Kusikelo sindinajombenso. Mwana anadikira mpaka miyezi yake inakwana.

Amayi, mukamva kuwotcha potaya madzi, makamaka muli oyembekezera, musabise, thamangani kuchipatala. Mulungu amene anandiyankha ine anadzera m'manja mwa anamwino, anadzeranso m'chikwanje cha apongozi anga.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza inu nonse. Mukufunsa kuti nanga mwanayo ali kuti, poti kumsana kwanga kulibe? Tayang'anani ku benchi ya azibambo uko. Amene akukoka ndevu za agogo akewo ndi yemweyo. Amayi, tandithandizani nthungululu, tikondwere limodzi!