Batire ndi Mbedza M'thumba Limodzi

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, anzanga a kwaya, moni nonse m'dzina la Ambuye. Mundipirire, sindinaimepo kutsogolo kuno. Koma ndikufuna kuchitira umboni.

Ambiri mumawadziwa achimwene anga a Yosefe, asodzi a padoko la ku Chia. Chimwalirireni bambo, ndi iwo ankandikweza pa njinga kupita kusukulu. Pa matope ankatsika n'kumakankha, ine ndili khale pakaliyala, kuti yunifolomu yanga isade. Ndi achimwene otero.

Chaka chatha anabwerako ku Joni ndi fodya wamagetsi uja ena amati vepu. Ndi kachipangizo kokwana m'dzanja, ka batire m'kati, kokhala ndi timabatani tokwezera ndi kutsitsira mphamvu ya moto. Ankati kawathandiza kusiya chingambwe. Inde abusa, ankasuta. Pakhomo tinkabisa.

Anzawo padoko sanachedwe kuwaseka. Ankati munthu kupita Joni yonse ija n'kubwerako ndi kautsi kochepa chonchi, koposedwa ndi ng'anjo yowambira nsomba ikuzima. Iwo ankabweza kuti utsi wawo ngonunkhira mango, pomwe wa anzawowo ngothamangitsira njoka. Komabe mawuwo anawalowa. Anayamba kukweza moto mpaka pamapeto, monga amakwezera wailesi kukakhala mpira. Batire linkatha msanga, ndiye ankalitchaja pa batire lalikulu la nyali zophera usipa, ndi timawaya tolumikiza okha. Batire lina lapadera la vepuyo ankayenda nalo m'thumba la buluku. Thumba la msodzi mukulidziwa, abale. Mumakhala mbedza.

Tsiku lina ndikuwachapira ndinalipeza batirelo, pulasitiki yake itang'ambika, chitsulo chili poyera. Kusukulu tinali titaphunzira kuti chitsulo chikagunda mbali zonse ziwiri za batire, limatentha. Ndinadziwa. Ndinalemba m'kabuku kanga komwe ndimalembamo za tsiku ndi tsiku kuti ndiwauza mawa. Mawa lake ndinalembanso zomwezo. Ndinkaopa kuoneka mwana wophunzitsa akulu.

Loweruka m'mawa akusoka ukonde, thumba lija linabuka moto. Anzawo anawakankhira m'madzi, ndipo Mulungu awadalitse, chifukwa zimenezo zinathandiza. Koma ntchafu inali itapsa kwambiri. Kunyumba azakhali anga anaswa dzira, kusakaniza ndi ufa wa kondowole, n'kumata pabalapo monga timachitira mwana akapsa ndi phala. Za kuchipatala achimwene anakana. Ankati kukafunsidwa chomwe chawawotcha, ndiye nkhani ifika kuno kutchalitchi, padoko n'kuwapekera dzina.

Masiku asanu, abale. Masiku asanu. Bala linayamba kununkha, thupi kutentha. Nditawapititsira madzi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe Tadala, ndikukuona maso akowo. Izi zithere m'nyumba muno. Ukakanena kunja, ine ndi iwe basi."

Ndinali nditakhala kale chete kamodzi, ndipo zotsatira zake zinali gone pamphasa patsogolo panga. M'mawa mwake ndinavala yunifolomu, koma sindinapite kusukulu. Ndinapita kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwathu. Ndinaima pakhomo pawo nthawi yaitali, mpaka nkhuku zinandizolowera. Ndinangopemphera kuti Ambuye, nditsekuleni pakamwa. Ananditsekula.

Tsiku lomwelo anawatengera kuchipatala cha kuboma. Adokotala anati tikanachedwanso pang'ono, mwendo ukanadulidwa. Anamwino ena achikulire anatikalipira tonse, kuyambira azakhali. Anati munthu akapsa, pabala timathirapo madzi ozizira aukhondo kwa nthawi yaitali, osati dzira, osati ufa, kenako kuthamangira kuchipatala. Kwa achimwene anati ngati kusuta kwawakanika kusiya, batire lizikhala m'kabokosi kakekake, kutali ndi zitsulo; long'ambika asaligwiritsenso ntchito; azitchaja ndi tchaja yake yeniyeni; moto asamakweze kupyola pomwe opanga analemba, ndipo kachipangizoko kakatentha m'dzanja azikasiya. Anawafunsanso ngati anzawo ofuna utsi wambiri aja abwera kudzawabwereka ntchafu. Odwala onse m'chipindamo anaseka. Kenako anandiloza ine n'kunena kuti ana asukulu tisakakhudze n'komwe. Anzanga a kwaya, mwamva.

Mwendo unapulumuka. Koma ndikapita kukawaona, achimwene ankatembenukira kukhoma. Atatuluka sanabwere kunyumba, anapita kwa amalume ku Dwangwa. Akaimba foni ankalankhula ndi amayi, ndi azakhali, ngakhale za mbuzi ankafunsa. Za ine ayi.

Amayi a mumpingo muno, mukudziwa kuwawa kwake kusowa munthu amene ali moyo? Ndikamapita kusukulu wapansi, belu la njinga likalira kumbuyo, ndinkacheuka. Ndikudziwa ndithu kuti si iwo, koma ndinkacheuka. Nthawi zina ndinkafunsa Mulungu ngati ndinalakwa. Mpunga tinawokera popanda iwo, tinapalira popanda iwo.

Lachinayi lapitali ndikutsuka mbale, amayi anandiitana, foni ili m'manja. Anati akufuna iwe. Ndinaigwira ndi manja onyowa. Ndinaiika kukhutu. Achimwene anati, "Lero ndayenda mpaka kumsika popanda ndodo. Ndimati umve ndiwe woyamba." Ine mawu anakana. Iwo anati, "Ukadali wosalankhula chomwecho? Nanga kwa alangizi kuja unalankhula bwanji?" Tinaseka, kwinaku tonse tikulira.

Sindinama pamaso pa Mulungu: kusuta sanasiyiretu. Akuti moto anatsitsa, mabatire ali m'kabokosi, ndipo akuyesetsa. Anandilola kuti ndinene zonsezi pano, akuti atopa n'kubisala. Kunyumba sanafikebe. Akuti abwera pokolola mpunga, ndipo ine m'mawa uliwonse ndimadzera kumunda kukaona ngati ngala zayamba kuwerama.

Zikomo Yesu chifukwa cha mwendo uja. Zikomo chifukwa cha foni ija. Muwapempherere kuti fodyayo amutaye ndithu. Koma lero, abale, ndithandizeni kukondwera, chifukwa ndekha mawu anga ngochepa. Amayi, nthungululu zija zili kuti? Achimwene anga akubwera, ndipo akubwera ndi miyendo yawo iwiri. Ameni.