Mawu a Malemu Amuna Anga M'makina Akale

Ndikulemba kuchokera ku Wovwe, komwe ndimagwira ntchito mu ofesi ya alimi a mpunga. Tsiku losintha makina osungira mafayilo athu onse, mtima wanga unali m'mwamba. M'makinamo munali mawu a malemu amuna anga, omwe anajambulidwa akuphunzitsa alimi.

Ndinafunsa mayi wodzasintha makinawo kuti, "Achemwali, sizifufutika?"

Anandigwira dzanja nati, "Mama, powokera mpunga mumagumula nazale mbande zisanagwire? Ndichotsa disiki imodzi yosungira mafayilo, ndidikire zonse zikopedwe m'makina atsopano, kenako ndikhudze inzake."

Atamaliza anandiveka mahedifoni. Ndinamva bambo aja akuyamba ndi kutsokomola, monga ankachitira asanayankhule. Ndinalira ndikuseka.

Omvera anzanga, musathamangire kutaya makina akale. Mwina muli anthu athu.