Mkono umene Yamikani ankabisa

Zaka zimene tinkafika kuno ku Leeds, ambiri a inu musanabadwe, Amalawi tinali ochepa moti ukamva munthu akuyankhula Chichewa m'basi unkatsika naye limodzi, ngakhale pasali pomwe umapita. Lero mwadzaza holo ya tchalitchi ino, ndipo makolo akakufunsani mumayankha m'Chingerezi, koma khalani pansi mumve za Yamikani, mwana wa mchemwali wanga.

Mwanayo anabadwa wamanzere. Inu simungamvetse, poti kuno mwana amalemba ndi dzanja lomwe wafuna, koma kwathu lamanzere linali la kuchimbudzi: sudyera, superekera moni, sulandirira kanthu kwa wamkulu. Bambo ake, alamu anga a Mbewe, anali munthu wabwino, wotha mphamvu zake posamalira okalamba a eni dziko, koma pa nkhani iyi sankamva za munthu. Supuni ikapita kumanzere ankaibweza, ndipo mwana anakula akuuchita manyazi mkono wake womwe.

Ali ku pulayimale analowa timu ya bezibo, masewero a ku Amereka aja, omwe wina amaponya mpira wina n'kuumenya ndi chibonga. Zaka zonsezo ankaponya ndi lamanja, mpira n'kumapita ngati wodwala, ndipo ankamuimika kutali kumapeto a bwalo, kotola zotayika. Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, tsiku lina mpira unamugwera kumanzere, iye osaganiza anaubweza ndi dzanja lomwelo, ndipo unalira m'manja mwa wowakha mpaka kochi anatembenuka. Mzunguyo anati woponya wamanzere ndi wosowa, amufuna pakati pa bwalo, koma afulumire, poti anzake anayamba kuphunzira kuponyako ali aang'ono ndipo iye nyengo yake mu timu ya ana inali kutha.

Yamikani anabwera kwa ine akulira. Kuwanamiza bambo ake sankafuna, ndipo kuwauza ankaopa. Paja kwathu mwana ndi wa malume, choncho ndinavala jekete, ulendo kwa alamu. Anandilandira bwino, tiyi n'kumwa, koma nditatula nkhani nkhope inagwa. Anati anavutika kuwongola mwanayo kuti tsiku lina akapita kumudzi asakawachititse manyazi, ndiye lero akaonetse dzanja lija pagulu? Ndinawauza kuti fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo mphika wake ndi mwana wathu tonse. Sanavomere, sanakanenso. Anangoti, "Alamu, mwana ndi wanu. Ine kumeneko simudzandiona."

Mwana anayamba. Musaganize kuti zinali zokoma, ana inu. Mphamvu mkonowo unali nazo, koma unali wosaphunzira, ndipo mpira unkapita komwe wafuna wokha. Phewa linkatupa, anzake aang'ono ankamuposa, ine mtima unkandiwawa pomuona akuphunzira pa msinkhu umenewo zomwe akanazidziwa kalekale.

Pa masewero otsiriza kunali kamvula kawo kakuno kosatha kaja. Ndikucheuka ndinaona alamu ataima kuseri kwa waya, atavala yunifolomu ya kuntchito, opanda ambulera. Yamikani anaponya bwino poyamba, kenako mkono unatopa, ndipo anagonja. Akutuluka, ataona bambo ake, anabisa dzanja lija kumbuyo monga ankachitira ali mwana.

A Mbewe anamuyandikira n'kunena motsitsa, "Bweretsa kuno." Analigwira ndi manja awiri, monga timalandirira mphatso kwa wamkulu, ndipo analisisita kuyambira m'zala mpaka paphewa, nthawi yaitali, mvula ikuwanyowetsa. Kenako anati, "Ndinakuchedwetsa, mwana wanga."

Chaka chotsatira alamu anatisiya, ndipo Yamikani msinkhu wa timu ija unali utamupitirira. Sanafike patali ndi masewerowo, poti madzi akatayika saoleka. Lero ndi bambo wa ana awiri ku Bolton, ndipo Loweruka amaphunzitsa tiana kuponya.

Mwambo ndi wabwino, ana anga, musautaye, ndi umene watisunga m'dziko lozizira lino. Koma nanunso mudzabereka. Mwana akadzatambasula dzanja, musathamangire kulibweza. Yambani mwaona chimene Mulungu anaikamo, nthawi ikadalipo.