Sindinacheuke, Mwana Ali m'Madzi

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni. Ena mwayamba kale kumwetulira, mukuti Yonasi waimirira, atigulitsa chiyani lero. Mitima pansi, abale, za lero n'zaulere.

Mukundidziwa, ndimagula nsomba kunyanja kuno n'kukakweza sitima ku Salima. Mukudziwanso kuti ponenerera mtengo sindigonja. Ndinkayesa imeneyo ndi mphatso. Imvani kumene inandifikitsa.

Mzungu wina wa njanji pobwerera kwawo anasiyira khukhi wake katundu. Pakatunduyo panali bokosi lalikulu lagalasi losungiramo nsomba zamoyo. Osati zodya, zongoonera. Ndinaseka, koma mtima unalifuna. Khukhiyo anati mtengo wa bokosi ndi mbuzi, koma chivundikiro chake chachitsulo ndiwonjezere tambala. Ine ndinati, "Achimwene, nsomba zinayamba liti kuuluka? Chivundikirocho muzivundikira mphika." Ndinabwerako ndi bokosi losavundikira, tambala wanga ali m'khwapa, ndikudzitama njira yonse.

Ndinaliika pakhonde, pamwamba pa njerwa, n'kuthiramo madzi, miyala, ndi tinsomba ta mbuna tabuluu ndi tachikasu. Mwana wathu Esinati, wa zaka ziwiri, ankakanikiza mphuno pagalasi n'kumalankhula nato. Amake anati, "Abambo, mwanayu wayamba kukwera zinthu." Ine ndinati, "Muli ng'ona mmenemu?" Ndipo tonse a kuno tili choncho. Mwana akalowera kugombe mudzi wonse umakuwa, koma madzi a pakhonde palibe amawaopa.

Tsiku lina m'mawa amake ankapita kukachapa. Anati, "Mwana ndamusiya m'manja mwanu." Ndinavomera ndi pakamwa. Posakhalitsa anafika mayi Asiyatu, Msilamu wa ku Lifuwu, atasenza dengu la utaka wouma. Atatchula mtengo ndinagwira mutu ngati ndamva uthenga wa maliro.

Ndinati, "Mayi, utaka umenewu wauma kapena wangokomoka?"

Iwo anati, "Opani Mulungu, a Yonasi. Inu mudzanenerera ngakhale sanda yanu yomwe."

Tsono ife amalonda tili ndi njira yathu. Mtengo ukakana kutsika, umatembenuka n'kumapita ngati sukufunanso. Lamulo lake ndi limodzi, usacheuke. Wocheuka wagonja. Ndiye ndinatembenuka, manja kumbuyo, kulunjika kumsewu. Tangoganizani, munthu kuchoka pakhomo pake pomwe, mwana kumusiya kumbuyo, chifukwa cha dengu la utaka.

Ndinamva, "A Yonasi." Ndinamwetulira, ndati atsitsa. Sindinacheuke. Ndinamvanso, "A Yonasi, mwana." Khutu linamva, abale, koma mtima unali pa mtengo. Ndati n'chenjerero limeneli, aitane kachitatu. Kachitatu sanaitane ine ayi. Anaitana Mulungu m'chinenero cha mapemphero awo, dengu n'kugubuduka.

Pamenepo ndinacheuka. Ndinaona timiyendo tiwiri titatulukira pamwamba pa bokosi. Esinati anali atakwera pa mtondo umene unagona pambali pake, n'kuweramira kuti agwire nsomba, mutu n'kutsogola. Timiyendoto sitinkapalasa. Tinangoti zii.

Ine wothamangira sitima ndi dengu pamutu, tsiku limenelo ndinafika mochedwa. Mayi Asiyatu ndi amene anamusolola. Mwana anali lende, milomo itatuwa. Anamugoneka chafufumimba pamaondo awo, mutu pansi, n'kumamusisita ndi kumumenya pamsana. Ine ndinagwada pafumbi. Moyo wanga wonse ndakhala ndi mawu okambira ndi munthu aliyense, koma pamaso pa Mulungu ndinalibe choti ndinenerere nacho. Ndinalibe, abale, ndinalibe. Ndinangoti, "Ambuye, chonde. Ambuye, chonde."

Kenaka anatsokomola. Anasanza madzi, anasanzanso, n'kuyamba kulira. Kulira komwe kuja kumene ndinkati kukundisokosera, tsiku limenelo ndinkafuna kusathe.

Amake atafika sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangomutenga mwana, kumubereka, n'kundiyang'ana. Masiku atatu Esinati sanatsike kumsana, ndipo masiku atatu ine ndinkayenda pakhomo panga ngati mkamwini watsopano.

Ndinabwerera kwa khukhi uja ndi tambala. Anandiyang'ana nkhope n'kunena, "Tsopano ndi atambala awiri." Ndinati, "Zikomo." Anachita mantha, anayesa ndadwala. Bokosi lija tsopano lili m'chipinda, pa thandala lolimba limene mmisiri anakhomerera kukhoma, chivundikiro ndinamanga ndi waya, ndipo chotsekera chitseko chili pamwamba pomwe mwana safika. Mtondo unapita kuseri. Ndowa ikatha ntchito timaivundikira pansi. Ndipo mwana akakhala m'manja mwanga, wamalonda adikire, kapena apite ndi nsomba zake. Ambiri a inu mulibe bokosi lagalasi, munali ndi nzeru kuposa ine. Koma muli ndi mitsuko, mabeseni ndi migolo. Mwana akamamira sakuwa, abale. Ine ndinali pafupi ngati apa ndi pakhomo pa tchalitchi, ndipo sindinamve kanthu.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanadikire kuti ndikhale wanzeru kaye. Anatuma mayi amene sapemphera nafe, amene ndinkafuna kumudyera masuku pamutu, kuti akhale manja ake pakhonde panga. Ndikuthokozanso amake Esinati, amene anayambiranso kundisiyira mwana sabata yathayi, ngakhale amapita akucheuka.

Amake, tamukwezani anthu amuone. Ndi ameneyo, akutafuna kansonga ka mpango wa amake. Lero bwenzi mukudzandipepesa, koma ndakuimirirani pano ndi mwana wamoyo. Kondwerani nane, abale anga. Amayi, musaumire nthungululu. Abusa, yambitsani nyimbo, ine mawu andithera.