Dzanja Lokwezedwa M'chigafa

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Mitundu. Amuna anga oyamba, ku Nathenje, ankandimenya mpaka banja linatha. Amene ndili nawo panowa sanandimenyepo.

Tsiku lina tikupachika fodya m'chigafa, iwo anakweza dzanja pamwamba pa mutu wanga. Masamba aja anayamba kuyandama ngati kumaloto. Ndinaona chitseko cha nyumba yakale ija, ndinamvanso fungo la kachasu. Pozindikira ndinali nditanyonyomala, nditaphimba kumaso, ndikukuwa kuti, "Pepani bambo!"

Anakhala pansi pambali panga. "Mayi, ndine. Kuno ndi ku Mitundu."

Kuchipatala anandiuza kuti limeneli ndi bala la m'maganizo, ndipo limapola pang'onopang'ono. Panopa amayamba andichenjeza kuti, "Mayi, ndikukweza dzanja." Masiku ena ndimatha kuseka.