Mawu Anga Anatsalira mu Kaseti

Amayi anzanga a mumphakati, Yesu Khristu atamandike pakati pathu. Ndine Agata, mayi wake wa Tereza, uja ndimakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko pa misa ku Kasina. Munandipempha kuti ndinene zimene Ambuye anandichitira, koma pakamwa pandikanika. Ndiye ndalemba. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, pomwe ndalakwitsa mundikhululukire. Vuto langa silinali matenda kapena njala ayi. Mawu anga anagwidwa m'makina, ndipo kwa masiku anayi ndinkadikira kuti mawu omwewo andimangitse.

Mukudziwa kuti bambo a Tereza ankacheka matabwa ku Phiri la Dedza. Mukudziwanso kuti dzinja latha kunabwera landirova ya boma m'mawa n'kuwatenga, mpaka lero. Chifukwa chake sindinauzidwe, ndipo sindinafunse. Ndinangotseka pakamwa monga timachitira tonse. Macheka awo akadali pakhoma pomwe anawakoloweka.

Achimwene anga a Felisiano amaphunzira ku yunivesite ku Zomba. Amati amaphunzira mmene zithunzi ndi nyimbo zimanyamulira uthenga kwa anthu. Pamudzi pano anthu ankaseka, amvekere, munthu kukwera basi ulendo wonsewo kukaphunzira kuimba, chonsecho ife timaimba ulele. Pa holide ya nthawi yozizira anabwera ndi buku lojambulamo zithunzi, komanso wailesi ya kaseti yobwereka kusukuluko. Aphunzitsi awo anawatuma kuti akatole nyimbo za pamtondo.

Tsiku lina tinkakonola chimanga cha ukwati, amayi ambirimbiri, mitondo isanu ndi umodzi. Achimwene anaika wailesi ija pa chitsa, nati, "Agata, usayang'ane kuno. Ingoimba ngati palibe munthu." Ndipo ine chitsiru ndinamvera. Inu mukudziwa mmene pamtondo pamakhalira, chimene wachibisa chaka chonse munsi umachitulutsa. Ndinayamba ndi nyimbo zoseketsa za apongozi aulesi, kenako sindikudziwa, ndinangomva pakamwa panga pakuti:

Macheka ali pakhoma, mwini wake ali kuti?
Galimoto inadza m'mawa, sinanene kumene ipita.

Panali amene anavomera kumbuyo kwanga, koma sindinacheuke, misozi inali itanditseka m'maso. Titamaliza, amayi anakakamira kuti amve mawu awo. Achimwene anabweza kaseti pang'ono n'kusindikiza. Munatuluka mawu a mkazi wina wake, owonda, onjenjemera, ngati a munthu amene tinamuika kale m'manda, akufunsa za macheka. Ndinakuwa kuti azimitse, ndipo anazimitsa mzere woyamba usanathe. Anati akafufuta nyimboyo akangofika ku Zomba, akalemba kaye mawu ake papepala.

Ku Zombako sanafike. Lachiwiri akupita kukakwera basi, anakumana ndi anyamata atatu a malaya ofiira amene amafunsa makhadi a chipani pamsika. Khadi anali nalo, koma m'chikwama anapezamo wailesi ija. Iwo amvekere, mwana wasukulu woyenda ndi makina m'midzi ndi kazitape. Anailanda pamodzi ndi kaseti n'kukazisiya kunyumba kwa atcheyamani a nthambi yathu, a Chikakuda, amene anali ku msonkhano ku boma. Anati nkhani idzamveka Loweruka akabwera, ndipo achimwene asachoke pamudzi.

Amayi anzanga, masiku anayi amenewo sindimawafunira ngakhale mdani. Lole iliyonse ya matabwa ikamatsika, ndinkaima chilili ndi lichero m'manja kumvetsera ngati ikukhota kwathu. Mnansi akamasinja, ndinkamva ngati munsi wake ukuimba nyimbo yanga. Ndinkaganiza za mkazi uja wa mu kaseti, atagona m'kabati ya atcheyamani, akudikira kuti chala chimodzi chimudzutse. Munthu ukhoza kumupempha kuti akhale chete. Iyeyo ndikanamupempha bwanji?

Achimwene ankangokhala pakhonde atagwira mutu, akuti, "Ndakupha ndine, mlongo wanga." Maganizo anga anali pa Tereza, wa miyezi isanu ndi inayi, amene sankadziwa china koma bere. Kumene amatengera anthu kuja ndani wabwerako kuti atiuze ngati amalola khanda? Ndiye Lachitatu ndinasinja tsabola n'kupaka pa bere. Mwana anayamwa n'kulira, akundiyang'ana ngati wandiona koyamba. Ndinamupereka kwa amayi anga kuti azolowere phala ndi msana wawo. Mabere anatupa, mkaka ukudontha pa malaya, mwana akulira m'nyumba inayo, ine ndili kuseri kwa nkhokwe nditatseka makutu.

Lachisanu ndinapita kutchalitchi masana kulibe anthu. Ndinafuna kukalapa, koma ndinaopa ngakhale kunong'oneza bambo mfumu, poti makoma a masiku ano ali ndi makutu. Ndinagwada patsogolo pa chithunzi cha Amayi Maria, kolona ili m'manja. Pemphero lenileni linandisokonekera. Ndinangoti, inu munathawapo ndi khanda, mukudziwa. Musalole kuti mwanayu akhale wopanda bambo ndi mayi yemwe.

Loweruka m'mawa tinakhala pansi pabwalo la atcheyamani, patsinde pa mtengo wa mapichesi. Wailesi inali pa tebulo, anyamata atatu aja ataima kumbuyo kwathu. Akazi awo a atcheyamani, aNambewe, ankasankha nyemba pakhonde osatiyang'ana. Ndinkawaopa amayi amenewa, chifukwa ndi amene amatsogolera amayi tikamakavina pa misonkhano. A Chikakuda anaikamo mabatire atsopano n'kusindikiza.

Nyimbo za apongozi zitamveka, anyamata anaseka. Kenako mkazi uja anadzuka. Macheka ali pakhoma, mwini wake ali kuti. Kuseka kunatha. Mmodzi wa anyamatawo anaponda nsonga ya chitenje changa kuti ndisathawe.

Ndiye panabwera chimene ndinali ndisanamvepo, mawu ovomera. Anali aakulu, osasa, oposa anga, chifukwa mwini wake anali pafupi ndi chitsa chija:

Tifunse ndani, mwanawe, tifunse ndani?
Nane mlongo wanga anakwera yomweyo.

Pamudzi pano palibe amene sawadziwa mawu amenewo. Anyamata anayang'anana, kenako anayang'ana pansi. Pakhonde nyemba zinaleka kulira m'lichero. ANambewe anadzuka, nakung'untha chitenje, nabwera kudzakhala pansi pafupi nane, phewa lawo kukhudza langa.

"Mawuwo ndi anga, bambo," anatero. "Tinasinja limodzi. Mukaitana galimoto muwauze kuti ndife awiri, ndipo ndiwo zanu muziphika nokha."

A Chikakuda anazimitsa wailesi. Anayang'ana mkazi wawo. Kenako anatembenukira kwa anyamata aja.

"Mwandiitanitsa mabatire chifukwa cha zimenezi? Kuyambira liti amuna kuweruza za pamtondo? Mayi ako iwe sanamuimbepo bambo ako? Anamangidwa?" Mnyamata uja anachotsa phazi pa chitenje changa. "Ine ndamva akazi akukonola. Wina wamva china?"

ANambewe anatulutsa kaseti ija okha, nasolola kachingwe kake kakuda mpaka kanadzaza manja, n'kukaponya pamoto wa m'khitchini. Kanapsa mofulumira ngati tsitsi, ndi fungo loipa. Nyimbo zonse zimene achimwene anatola holide yonse zinathera pomwepo, ndipo iwo sanadandaule.

Ndinathamanga osatsanzika. Ndinatsuka bere ndi sopo katatu, n'kumulanda Tereza kumsana kwa amayi anga. Poyamba anakana, akukumbukira tsabola, akupotoza mutu. Ndinamunyengerera mpaka dzuwa linafika paliwombo, ndipo analigwira berelo. Mkaka unali usanaume. Apo m'pamene ndinalira.

Achimwene anabwerera kusukulu ndi buku lawo lokha. Kwa aphunzitsi anakapereka chithunzi cha khoma la nyumba yanga, pali macheka, pansi pali mtondo, palibe munthu. Akuti aphunzitsiwo anachiyang'ana nthawi yaitali osafunsa kanthu, ndipo anawakhozetsa.

Ndikuthokoza Ambuye ndi Amayi Maria, chifukwa thandizo analiika m'kaseti momwemo mmene munali imfa yanga, ine osadziwa. Munthu amene ndinkamuthawa panjira anali atanyamula chilonda chofanana ndi changa zaka zonsezi. Musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu likhale losokonekera ngati langa.

Sindikunena kuti mantha atha. Galimoto ikalira ndimaimabe. Bambo a Tereza sanabwere, muziwatchula mu kolona yanu, pamodzi ndi mlongo wawo wa aNambewe. Masiku ano timasinja awiriwiri ndi amayiwa, osaimba, koma minsi yathu imagunda mmene inkagundira tsiku lija, ndipo tonse timadziwa chimene ikufunsa.

Mukatha kuwerenga, pepalali muliponye pamoto. Musunge mumtima.